Adona Atulutsa Utsi, Apongozi Abisa Makiyi

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa nthawi yaitali, ndipo kunena zoona nthawi zambiri ndimangoseka mavuto a anzanga. Lero zagwa pa ine. Nkhani yanga si ya mwamuna woyendayenda kapena ya ana osamva, ayi ndithu. Ndi ya galimoto. Musaseke msanga, chifukwa galimoto imeneyi yandidanitsa ndi munthu amene ndimamukonda ngati bambo anga ondibereka.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimaluka tsitsi pa kasaluni kanga kuseri kwa nyumba. Timakhala mumpanda umodzi ndi apongozi anga aamuna. Iwo ndi telala wopuma. Anasoka masuti moyo wawo wonse mpaka maso anayamba kukana kulowetsa ulusi pasingano. Makina awo osokera alipobe pakhonde, akuda, onyezimira, ndipo mlendo aliyense amayamba wamva mbiri yake asanapatsidwe madzi akumwa. "Makina awa ndi aakulu kuposa mwana wanga woyamba," amatero, "koma sanagonepo kwa wokonza. Chinsinsi chake n'chosavuta: oyilo wambiri, liwiro pang'ono."

Atasiya ntchito anagula kagalimoto kakale kobiriwira, n'kukatcha dzina loti Adona. Lamulo la makina osokera lija analisamutsira kwa Adona lonse lathunthu.

Aphungu, mukanaona mmene galimoto imeneyi imasamalidwira, mukanasirira. Anaisokera chofunda chake, chokhala ndi timatumba ta magalasi a m'mbali. M'mawa uliwonse amalowa m'kanyumba kosungiramo galimoto, amatseka chitseko kuti fumbi lisalowe, amaliza injini, n'kukhala mkatimo akumvera wailesi mpaka nkhani zonse zitatha ndi zamasewera zomwe. Akuti amakhala akuwotha Adona. Akatero amazimitsa, amafunditsa, basi tsiku latha. Ulendo ulipo umodzi wokha, wa kutchalitchi Lamlungu, ndipo n'kufupi moti azimayi achikulire oyenda pansi amatipitirira n'kukatisungira malo. Tikangotuluka pageti amafuna giya yomaliza ikhale italowa kale, akuti injini isamakuwe, ndiye galimoto imapita ikugwedezera mutu ngati ikuvomera zonse zimene akunena. Oyilo amathira okha, mpaka kupyola kamzere ka pakachitsulo koyezera, akuti makina sakhuta oyilo. Petulo akathira kamodzi amakhala m'thankimo miyezi. Ndipo pakamwa pa paipi yolowera mpweya anamangapo kansalu kochindikala ka suti, kopinda bwinobwino m'mphepete, kuti Adona asamapume fumbi.

Chaka chatha anandilimbikitsa kuti ndiphunzire kuyendetsa. Tsiku limene ndinabwera ndi laisensi anandiitana pakhonde, n'kundiika makiyi m'manja. "Mwana wanga," anatero, "maso anga akutha. Adona ndikusiyirani inu, chifukwa mwamuna wanuyu ngakhale njinga imamugwetsa." Ndinalira, Aphungu. Mwana wawo weniweni sanamupatsepo makiyi amenewo. Kuyambira pamenepo ndinkayendetsa ndine Lamlungu lililonse, iwo ali pambali, chipewa pamaondo, akundiuza kuti ndichepetse liwiro lomwe kunalibe.

Ndiye mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, anabwera kudzadikirira kwathu ali woyembekezera. Tsiku lina masana ndili pakati poluka kasitomala, ndinangomva akufuula kuti nthawi yakwana. Kasitomala ndinamusiya mutu uli theka. Tinamukweza mlamu kumbuyo, apongozi kutsogolo, ulendo wa kuchipatala. Chipatalacho chili kutsidya kwa tauni, ndipo pamsewu waukulu pali chitunda chachitali. Mlamu anali akubuula. Ndinaiwala malamulo onse. Ndinabweza giya n'kuponda moto mpaka pansi.

Adona anatsokomola, anadzuka ngati atsinidwa, kenako kumbuyo kunatuluka chiutsi chakuda bii, moti wanjinga yamoto amene ankatitsatira anayamba kukupiza dzanja kumaso. Apongozi anatembenuka n'kugwira pamtima. "Mayi, mukuwapha! Mukuwapha Adona!" Mlamu ali kumbuyo anayankha, "Ababa, afe Adonawo, bola ine ndifike!"

Tinafika bwino, ndipo kunabadwa mwana wamkazi wonenepa, wa tsitsi lambiri. Anthu atabwera kudzaona mwana, nkhani ya pachitunda ndinaifotokoza kangapo, ndikuyerekeza mawu a apongozi ndi mmene anagwirira pamtima. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Apongozi sanaseke.

Chiyambire pamenepo zinthu zinasintha. Makiyi anawatenga n'kuwatsekera m'kabati ya makina osokera. Dzina loti mwana wanga linatha, pano ndine Adiraiva. "Mwadzuka bwanji, Adiraiva?" "Tiyiyu watentha ngati injini, Adiraiva." Kale madzulo ankabwera kudzakhala pakhomo la saluni n'kumanyoza masiketi osokedwa mokhota a makasitomala anga, tonse n'kumaseka. Pano mpando wawo uli pomwepo wopanda munthu, ndipo zimenezi zikundipweteka kuposa za makiyi.

Anaitanitsa makaniko. Iye anamasula mapulagi, n'kuwapeza ali akuda ngati kunsi kwa poto. "Mwadzaza mwaye umu, bambo," anatero. Apongozi anandiyang'ana. "Mwamva, Adiraiva? Mwaye. Mwaye umabwera ndi moto waukulu." Makaniko uja anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, koma ataona nkhope ya apongozi anangomeza mawu, n'kunena kuti adzabweranso. Tsopano apongozi agamula kuti mwezi uno ukatha Adona akwezedwe panjerwa, matayala achotsedwe, apume mpaka kalekale. Amuna anga ndikawauza amangoti, "Ine za magalimoto sindizidziwa," n'kutuluka. Bambo wina woyandikana nafe, amene amadziwa chilichonse kuyambira matenda a nkhuku mpaka ndale, akuti ndibe makiyi, ndithire palafini m'thanki, kenako ndidonthezere madzi mu injini ikulira, mwaye wonse utuluka.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze munthu. Pobwerera kuchokera kuchipatala tsiku lija, Adona anayenda myaa, mopepuka, kuposa masiku onse amene ndawayendetsa. Ndikuopa kunena, angati ndikudzikometsera mlandu.

Kodi ndi zoona kuti ndinawononga galimoto ya apongozi anga? Mwaye umenewu umachokera kuti? Nanga ndichite chiyani kuti ndikhalenso mwana wawo? Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma ine ndinkayesa kuti nkhwangwa imeneyi anachita kundipatsa.

Ndine wanu wothedwa nzeru,
N.M.K., wa kasaluni kuseri kwa nyumba

*

Mayi N.M.K.,

Mwati ndisaseke, koma pepani, ndaseka. Mlamu wanuyo ndamukonda, ndipo mumuuze kuti ndamuyamikira chifukwa cha mphatso ya mwanayo. Kasitomala wa mutu wa theka uja ndikukhulupirira munamumaliza.

Yankho lalifupi ndi ili: simunaphe Adona. Ine ntchito yanga ndi ya mitima, osati ya mainjini, ndiye poopa kudya phula ndinapinda kalata yanu n'kupita nayo kwa mkulu wina amene wakhala akusegula mainjini kuyambira kalekale. Anaiwerenga atakhala patayala. Atafika pa kansalu ka suti anavula magalasi n'kupukuta misozi. "Galimoto iyi ikudwala chisamaliro," anatero.

Koma tisanatsegule boneti, pali china chimene chandidetsa nkhawa, ndipo pamenepa sindikuseka. Mwati apongozi amaliza injini atatseka chitseko, iwo ali mkati. Mu utsi wa galimoto muli mpweya wapoizoni umene sununkha ndiponso suoneka. Umayamba ndi litsipa ndi tulo, ndipo munthu akhoza kugona osadzukanso. Zimenezi zithe mawa m'mawa, kaya akuyankhulani kaya ayi. Apa amuna anu asathawire kunena kuti za magalimoto sazidziwa. Iyi ndi nkhani ya moyo wa bambo awo, apite akatsegule chitsekocho okha.

Tsopano za mwaye. Apongozi akuti umabwera ndi moto waukulu. Inu mumaphika, ndiye weruzani nokha: chimene chimadetsa poto ndi kudzaza utsi m'khitchini ndi moto woyaka lawilawi, kapena moto wongofuka wa nkhuni zosowa mpweya? Mu injini ndi chimodzimodzi. Petulo amayenera kupsa yense, ndipo kuti apse yense pamafunika mpweya wokwanira, mapulagi abwino ndi injini yotentha bwino. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, petulo amapsa mwatheka, ndipo chotsalacho chimakakamira pamitu ya mapisitoni, pamavalavu, pamapulagi ndi m'paipi yotulukira utsi. Poyamba chimakhala chofewa. Chikakhalitsa chimauma gwa. Zizindikiro zake mukuzidziwa kale: galimoto kunjenjemera ikaima, kutsamwa mukaponda moto, kufooka pachitunda, kumwa petulo wambiri, ndi kuvuta kulira m'mawa.

Ndiye tayang'anani moyo wa Adona. Injini yolira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali sigwira ntchito, imangofuka. Ulendo wa kutchalitchi umatha injini isanatenthe n'komwe. Giya yomaliza pa liwiro la nkhono imalemetsa injini, ngati munthu amene wasenzetsedwa katundu koma akuletsedwa kupuma mwamphamvu. Oyilo wopyola mzere amakankhidwira kumene sayenera kufika, amakapsa limodzi ndi petulo, ndipo mwaye wa oyilo ndi womata kwambiri. Petulo wogonera miyezi amaguga, sapsa bwino. Pamwamba pa zonsezi, pakamwa pamangidwa nsalu. Mwaye wotere sungadze masana amodzi, Mayi. Unasonkhana pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse, nkhani za pawailesi zili mkati. Chimene munachita pachitunda ndi kutenthetsa injini kwa nthawi yoyamba, ndipo chiutsi chija chinali zakale zikutuluka pamodzi ndi petulo wosowa mpweya. N'chifukwa chake pobwerera anayenda mopepuka. Makutu anu sanakunamizeni.

Zoti muchite nazi.

Makaniko uja abwerenso, koma muyambe mwalankhula naye panokha kuti asadzamezenso mawu. Achotse kansalu, aone sefa ya mpweya, ndipo ngati yada asinthe. Asinthe mapulagi. Akhuthule oyilo yense wakale pamodzi ndi sefa yake, athire watsopano wa mtundu woyenera galimotoyo, mpaka pamzere, osapyola. Petulo wogonera uja achoke, mulowe watsopano wa pamalo odziwika omwetsera mafuta, osati wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Aonenso ngati injini ikufika pa kutentha koyenera, chifukwa magalimoto akale ambiri anachotsedwa kachipangizo kosunga kutentha, ndiye amayenda ozizira moyo wonse. Ngati mwaye wina unauma kale, iye ndiye adziwe njira youchotsera, kaya ndi mankhwala ake enieni kapena kumasula n'kupala. Imeneyo si ntchito ya pakhonde.

Phunziraninso kuwerenga utsi. Wakuda ndi petulo wosapsa bwino. Wobiriwira motuwa ndi oyilo, ndipo ukapitirira ngakhale oyilo ali pamzere, ndiye kuti mkati muli zina zimene zatha. Woyera wochindikala umene sukutha injini itatentha ndi madzi, ndipo mukauona zimitsani msanga, itanani makaniko.

Kuyambira pamenepo moyo wa Adona usinthe. Kuwotha kwa m'mawa kuthe. Mukaliza, dikirani pang'ono chabe, nyamukani mofatsa, injini itenthere m'njira. Giya izigwirizana ndi liwiro, ndipo injini ikayamba kugwedezeka, bwezani giya. Kutchalitchi yendani pansi ndi azimayi aja, mukafika msanga. Koma pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, Adona azituluka pamsewu waukulu, ayende ulendo wotalikirapo pa liwiro lokhazikika, lololedwa ndi lamulo, mpaka atenthe bwinobwino. Oyilo azisinthidwa panthawi yake ngakhale galimoto isanayende kwambiri, chifukwa amakalamba ali chikhalire. Ulendo woyamba usanachitike, makaniko aone matayala, mabuleki, malamba ndi mapaipi a madzi. Galimoto yokhalitsa pamthunzi imaoneka yatsopano kunja, mphira zake zitauma.

Za njerwa zija, ayi. Galimoto yoimikidwa sipuma, imawola. Batire imafa, mabuleki amagwirana, petulo amasanduka phula, ndipo makoswe amapeza nyumba yaulere yokhala ndi chofunda chosokedwa ndi katswiri.

Bambo woyandikana nanu uja apitirize ndi matenda a nkhuku. Palafini m'thanki ya petulo amangowonjezera mwaye womwewo, ndipo madzi akalowa ochuluka mu injini amapinda zitsulo zamkati. Pamenepo ndiye mudzakhaladi mutapha Adona. Makiyinso musabe. Munapatsidwa masana anthu akuona, adzabwerenso masana.

Tsopano ndibwere kwa inu, chifukwa mlandu muli nawo, kungoti si wa utsi. Makiyi aja sanatsekeredwe m'kabati chifukwa cha chitunda chokha. Munthu wamkulu, maso akutha, ntchito inatha, chimene chamutsalira chonyadira ndi kusamala zinthu. Tsiku lija anachita mantha enieni, mwana wake akubuula kumbuyo, galimoto yake ikufuka, iye osatha kuchitapo kanthu. Ndiye mantha amenewo inu munawasandutsa sewero pamaso pa alendo, kangapo konse. Ndikudziwa simunalinge zoipa. Koma yambirani pamenepo. Pitani pakhonde pali iwo okha, khalani pansi, nenani kuti, "Bambo, ndinakusekani pagulu, ndinalakwa, mundikhululukire." Za injini musatchule tsiku limenelo. Musaphatikize kupepesa ndi kudziteteza, chifukwa zikaphatikizana chimamveka ndi chachiwiri chokha.

Mtima wawo ukatsika, musawaphunzitse. Afunseni. Munthu wasoka zaka zonsezi yankho ali nalo kale m'manja. Afunseni kuti makina osokera akathiridwa oyilo wopyola muyeso, suti yoyera ya kasitomala imatuluka yotani. Afunseni kuti makina akakhala miyezi osapondedwa, tsiku loyamba amayenda bwanji. Akayankha, inu ingoti, "Kodi kapena Adona nawonso n'chimodzimodzi?" n'kupita kukatereka tiyi. Asiyeni asoke okha mbali yotsalayo. Kansalu kaja musakachotse mobisa. Makaniko atsegule kabokosi ka sefa iwo akuona, awaonetse kuti opanga galimoto anaika kale chotchinga fumbi mkatimo, chopindidwa mwaluso mapindo ofanana. Telala adzayamba wayamikira mapindowo, kenako kansalu adzamasula yekha.

Ulendo woyamba wautali musautche wochotsa mwaye. Mlamu wanu akabwerera kwawo, mdzukulu adzafunika kukaonedwa. Apempheni apongozi kuti akuperekezeni, akhale kutsogolo, ndipo muwapatse ntchito: aziyang'ana kumbuyo n'kumakuuzani mtundu wa utsi. Pa mtunda woyamba adzadandaula. Apirireni. Pobwerera adzakhala chete akumvetsera injini, chifukwa khutu la munthu wa makina silinama, ngakhale pakamwa patakana.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili, ndipo ndi lovuta kuposa onse. Adona akachira, tsiku lina mudzamva apongozi pakhomo la saluni akuuza makasitomala anu kuti galimoto imafuna kuyenda, kuti oyilo ali ndi malire, ndipo kuti iwo anazitulukira okha ataganiza mofatsa. Mwina adzawonjezera kuti achinyamata a masiku ano sadziwa zimenezi. Lilime lidzakuyabwani, Mayi. Lilumeni. Pitirizani kuluka, vomerani kuti, "Zoonadi, Bambo." Munandilembera kuti mukufuna kukhalanso mwana wawo, simunandilembere kuti mukufuna kupambana mlandu. Mwa ziwirizi mupeza chimodzi chokha, ndiye sankhani chimene munapempha.

Aphungu